Mmene Mungapangire Galamala ya Chinenero Chongopeka Chobadwa ku Chilatini

Chipwitikizi chimene abale athu a ku Tete amaphunzira kusukulu, Chifalansa, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chiromania, zonsezi ndi Chilatini chimene chidasintha m'kamwa mwa anthu kwa zaka mazanamazana, dera lililonse mwa mtundu wake. Njira imene zinenerozi zidadutsa ndi yodziwika bwino kwambiri, chifukwa kholo lake lidasiya zolemba zambiri. N'chifukwa chake pali anthu amene amatenga Chilatini chomwecho n'kuchidutsitsa njira ina imene sichidadutsemo, kuti aone chinenero chimene chikadabadwa. Mu 1996 Andrew Smith wa ku New Zealand adapanga Brithenig, podzifunsa kuti zikadatha bwanji Chilatini chikadakhazikika ku Britain n'kumasintha ngati mmene chidasinthira chinenero cha ku Wales. Mu 2002 Jan van Steenbergen adachita zofananazo ndi katchulidwe ka Chipolishi, natulutsa Wenedyk.

Ntchito yotereyi ndi yosiyana ndi ya Giuseppe Peano, amene mu 1903 adachotsa mathero ovuta a mawu a Chilatini kuti chiphweke, komanso ndi yosiyana ndi Interlingua ya mu 1951. Iwowo ankafuna chinenero chosavuta choti mitundu ya anthu izimvana. Ife pano tikufuna chinenero chomveka ngati chidatukwanidwapo pamsika ndi kuimbidwapo pamaliro, chokhala ndi zokhota zakezake.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti musayambe ndi galamala. Ambiri akamayamba amatola kanenedwe ka zinthu zambiri ku Chitaliyana, nthawi yam'tsogolo ku Chifalansa, alowam'malo ku Chisipanishi, ndipo chotulukapo sichigwirana. Galamala ya zinenero zimenezi idabadwa chifukwa katchulidwe kadasintha, mawu amene kale ankasiyana adayamba kumveka chimodzimodzi, ndiye oyankhula adakakamizika kupeza njira ina yonenera zimene ankafuna. Mukakonza bwino malamulo a katchulidwe, mavuto a galamala abwera okha kudzakupezani, ndipo ntchito yanu ikhala kuwathetsa.

## 1. Sankhani malo ndi nthawi

Dziwani kumene anthu anu amakhala, anzawo oyandikana nawo, ndi amene adawalamulirapo. Kuti malangizowa asakhale a m'malere, ndipanga chitsanzo chimodzi kuyambira pano mpaka kumapeto.

Kumpoto kwa Africa Chilatini chidayankhulidwa kwa zaka zambiri. Augustine, bishopu wa ku Hippo amene adamwalira mu 430, ankalalikira m'Chilatini. A Vandal, mtundu wa anthu ochokera ku Ulaya, adalanda mzinda wa Carthage mu 439, asilikali a Chiarabu adaulanda mu 698, koma chinenerocho sichidafe tsiku lomwelo. M'zaka za m'ma 1100 katswiri wa mapu al-Idrisi adalemba kuti anthu ambiri a ku Gafsa, mzinda wa m'dziko limene lero ndi Tunisia, ankayankhulabe Chilatini cha ku Africa. Pambuyo pake chidazimirira. Tiyerekeze kuti sichidazimirire. Aroma mzindawo ankautcha Capsa, choncho chinenero chathu tichitche Chikapsa.

## 2. Sonkhanitsani mawu a anthu wamba

Yambani ndi mawu 200 kapena 300. Mndandanda wa mawu a tsiku ndi tsiku umene adakonza Morris Swadesh ndi poyambira pabwino, ndipo pa Wiktionary, dikishonale ya pa intaneti, mawu ambiri a Chilatini ali ndi ndandanda ya zimene adasanduka m'zinenero za lero.

Chenjerani, musatenge Chilatini cha m'mabuku. Anthu wamba hatchi ankaitcha *caballus*, osati *equus*. Moto unali *focus*, mawu amene poyamba ankatanthauza pamafuwa, ndipo *ignis* adaiwalika. Kamwa idasanduka *bucca*, amene kale anali tsaya, ndipo nyumba m'madera ambiri idakhala *casa*, kakhumbi. Pali mndandanda wakale wotchedwa Appendix Probi, m'mene wolemba wina ankadzudzula anthu kuti nenani *speculum* osati *speclum*, *auris* osati *oricla*, *mensa* osati *mesa*. Zimene iye ankakana n'zimene inu mukufuna, chifukwa ndizo zidapambana.

Dzina lililonse mulilembe m'maonekedwe amene linkatenga likakhala pamtherankhani: *lupum* osati *lupus*, *pacem* osati *pax*, *canem* osati *canis*. Mayina ambiri a zinenero za lero adachokera pamenepo. Pa liwu lililonse lembani mavawelo aatali ndi aafupi, komanso phatikizo limene limatsindikidwa. Lamulo lake n'losavuta: m'mawu a maphatikizo atatu kapena kuposa, amatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ngati lili ndi vawelo yaitali kapena latsekedwa ndi konsonanti, apo ayi amatsindika lachitatu. Mukadumpha ntchito yotopetsayi mudzasokonezeka pa aneni.

## 3. Lembani malamulo a katchulidwe, m'ndondomeko yake

Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo la katchulidwe silisankha mawu. Likagwira, limagwira liwu lililonse limene likukwanira, kenako nthawi yake imatha.

Yambani ndi mavawelo. Chilatini chinali ndi mavawelo asanu, aliyense wamtali ndi wamfupi. Utaliwo utatha, madera adagawikana. M'madera ambiri *i* wamfupi adaphatikizana ndi *e* wamtali, *u* wamfupi ndi *o* wamtali, n'chifukwa chake *pira* ndi *bucca* pa Chipwitikizi ndi *pera* ndi *boca*. Pachilumba cha Sardinia *i* adakhalabe *i* ndipo *u* adakhalabe *u*: *pira*, *bucca*. Augustine adalemba kuti makutu a anthu a ku Africa sasiyanitsa vawelo yaitali ndi yaifupi, moti ankalola kunena *ossum* potchula fupa kuti anthu asaganize kuti akunena *os*, kamwa. Akatswiri ambiri amaona kuti Chilatini cha ku Africa chinkafanana ndi cha ku Sardinia pa mavawelo. Choncho Chikapsa chikhala ndi mavawelo asanu okha, a e i o u.

Malamulo a Chikapsa ndi awa, ndipo manambala ake si okongoletsa:

1. *h* aliyense ndi *m* wa kumapeto amagwa, *ns* amasanduka *s*, *ae* amasanduka *e*: *mensam* > *mesa*, *caelum* > *kelu* (kumwamba).
2. Utali wa mavawelo umatha.
3. Vawelo yotsatira phatikizo lotsindikidwa imagwa ikagundana ndi *l* kapena *r* m'kati mwa liwu, ndipo *tl* amasanduka *kl*: *calidu* > *kaldu* (chotentha), *oculu* > *oklu*, *vetulu* > *veklu*.
4. *e* kapena *i* wosatsindikidwa amene watsogolera vawelo ina amasanduka *y*, kenako *by* ndi *dy* amatsala *y* yekha: *hodie* > *oye* (lero).
5. *v* amasanduka *b*. Pamiyala yolembedwa ya ku Africa zilembo ziwirizi zimasinthanitsidwa kawirikawiri. *vinu* > *binu*.
6. *b*, *d*, *g* a pakati pa mavawelo awiri amagwa, ndipo mavawelo ofanana akakumana amatsala mmodzi: *caballu* > *kallu*, *ego* > *eo*, *videre* > *biere*.
7. *p*, *t*, *k* a pakati pa mavawelo, kapena a pakati pa vawelo ndi *l* kapena *r*, amafewa n'kukhala *b*, *d*, *g*: *lupu* > *lubu*, *focu* > *fogu*, *capra* > *kabra*, *oklu* > *oglu*. Makonsonanti apawiri sakhudzidwa: *bukka*.
8. *e* ndi *o* amene ali patsogolo pa phatikizo lotsindikidwa amasanduka *i* ndi *u*: *dormire* > *durmire*.
9. *t* ndi *d* a kumapeto amagwa, koma *s* wa kumapeto amakhala.

Taonani chifukwa chake ndondomeko ili yofunika. Tengani *vita* (moyo) ndi *via* (msewu). Mukatsata manambalawa, lamulo 6 limapeza *bita* ali ndi *t*, silimukhudza, kenako lamulo 7 limamufewetsa kukhala *bida*. Msewu ndi *bia*. Tsopano sinthanitsani malamulo awiriwo: *bita* akhala *bida*, kenako *d* agwa, mutsala ndi *bia*. Moyo ndi msewu zasanduka liwu limodzi. Chipwitikizi chidatsata ndondomeko yoyambayo, n'chifukwa chake chili ndi *vida* koma *ver*. Chifalansa chidapitiriza kudya makonsonanti mpaka *vita* adatsala *vie*. Njira zonse ziwiri n'zololedwa, chosaloledwa ndi kutsata njira ina pa liwu ili, ina pa liwu linalo, chifukwa choti wina wakukomerani m'khutu.

Chinthu china chofunika kuchiganizira ndi *c* wotsogolera *e* ndi *i*. Aroma ankamutchula *k*. Pa Chitaliyana *cento* amayamba ndi *ch*, pa Chifalansa *cent* amayamba ndi *s*, koma pakati pa Sardinia amanenabe *kentu*. Chikapsa chisunga *k*: *kentu* (100), ndipo lamulo 7 lipereka *dege* (10) ndi *page* (mtendere), *g* wake wotchulidwa ngati wa mu *gaga*. Ine ndimakonda kulemba chinenero chotere monga chikumvekera, kamvekedwe kamodzi chilembo chimodzi, mpaka galamala itakhazikika. Kalembedwe kokongola kadzabwere pambuyo.

Mawu akachuluka mungagwiritse ntchito pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsa malamulo otere, monga imene Mark Rosenfelder adaika pa intaneti. Koma mawu 50 oyamba muwayendetse ndi dzanja papepala, kuti mumve mmene lamulo lililonse likulumira.

## 4. Mayina

Pa Chilatini mathero a dzina ndiwo ankasonyeza ntchito yake m'chiganizo. *Rosa* anali mwininkhani, *rosam* pamtherankhani, ndipo *rosa* wa vawelo yaitali ankatanthauza "ndi duwa" kapena "kuchokera ku duwa". Dutsitsani atatuwa pa lamulo 1 ndi 2, mupeza onse asanduka *rosa*. Apa ndi pamene dongosolo lakale lidagwera. Ntchito imene ankagwira matherowo idatengedwa ndi malo a liwu m'chiganizo, mwininkhani patsogolo, mneni, kenako pamtherankhani, komanso ndi aperekezi *de* ndi *ad*. M'Chikapsa "nyumba ya bwenzi" ndi *kasa de amigu*. Ngati mukufuna kusungako pang'ono, zilipo zitsanzo zenizeni: Chifalansa chakale chinkasiyanitsa *li murs* ndi *le mur*, ndipo Chiromania mpaka lero chimanena *casei* potanthauza "cha nyumba". Koma kuti muzisunge, malamulo anu a katchulidwe akhale atasiya chosiyanitsa chomveka.

Kanenedwe ka zinthu zambiri kamadalira *s* wa kumapeto. Akatswiri amajambula mzere kumpoto kwa Italy kuchokera ku La Spezia kufika ku Rimini. Kumpoto ndi kumadzulo kwa mzerewo *s* adakhala, ndiye Chipwitikizi chili ndi *lobo*, *lobos*. Kum'mwera ndi kum'mawa *s* adagwa, ndipo zinthu zambiri zimasonyezedwa ndi vawelo: *lupo*, *lupi* pa Chitaliyana. Chikapsa chidasunga *s*, ndipo taonani mphatso imene malamulo atipatsa: *lupum* anali ndi *u* wamfupi, *lupos* anali ndi *o* wamtali, choncho tili ndi *lubu* koma *lubos*. Vawelo ikusintha popanda ife kuiuza. Magulu ena sasintha: *kasa*, *kasas*, *kane*, *kanes*.

Chilatini chinali ndi magulu atatu a mayina: aamuna, aakazi, ndi osakhala mbali iliyonse. Gulu lachitatuli lidamwazikana. Ambiri adalowa kwa aamuna. Ena, chifukwa akakhala ambiri ankathera ndi *a*, anthu adawayesa aakazi: *folia* (masamba) adasanduka *folha*, tsamba limodzi, pa Chipwitikizi. Chitaliyana chidasunga zotsalira monga *uovo* ndi *uova*, dzira ndi mazira. Siyaniko zotsalira zoterezi zisanu kapena khumi, pa mawu ogwiritsidwa ntchito kwambiri. M'Chikapsa *tempus* (nthawi) ndi *korpus* (thupi) amathera ndi *s* ngakhale ali chimodzi, ndipo akachuluka lamulo 3 limapereka *tempra* ndi *korpra*.

Afotokozi amatsatira dzina ndipo amagwirizana nalo: *kane bonu*, *kasa bona*, *kasas bonas*. Kwa munthu wozolowera kunena *galu wabwino* ndi *nyumba zabwino*, izi si zachilendo.

## 5. Kaliwu kolozera chinthu chodziwika kale

Chilatini chinalibe timawu ngati *o* ndi *a* ta Chipwitikizi, kapena *le* ndi *la* ta Chifalansa. Tidabadwa kuchokera ku mawu olozera amene anthu ankawanena mobwerezabwereza mpaka mphamvu yake idatha. Ambiri adatenga *ille* (uyo). Ku Sardinia ndi kuzilumba za Balearic adatenga *ipse* (mwiniwakeyo), n'chifukwa chake kumeneko nyumba ndi *sa domo* kapena *sa casa*. Chiromania chidatenga *ille* koma n'kumumata kumapeto kwa dzina: *lup*, *lupul*, *om*, *omul*. N'zimene ifenso timachita tikamafupikitsa *munthu uyo* kukhala *munthuyo*.

Chikapsa chitsata njira yomata kumapetoyi, ndi *lu*, *la*, *los*, *las*. Koma *s* akakumana ndi *l* pakufunika lamulo latsopano, la nambala 10: *sl* amasanduka *ll*. Ndiye tili ndi *lubu*, *lubulu*, *lubos*, *lubollos*. *Kasa*, *kasala*, *kasas*, *kasallas*. *Tempus*, *tempullu*, *tempra*, *temprala*. Chinthu chosadziwika chimatenga *unu* kapena *una* patsogolo, kuchokera ku nambala 1, monga zidachitikira m'banja lonseli.

## 6. Aneni

Pano musafulumire. Tengani mneni mmodzi wa gulu lililonse mwa magulu anayi a Chilatini, muyendetse maonekedwe ake onse pa malamulo anu, muwalembe moyandikana, kenako mufufuze amene agundana.

Nthawi yatsopano ya *cantare* (kuimba) ikutuluka motere: *kanto, kantas, kanta, kantamus, kantadis, kantan*. Onse asanu ndi mmodzi akumveka mosiyana, choncho mlowam'malo sakakamizidwa. *Kanto* payekha ndi "ndimaimba", ndipo *eo kanto* ndi "ine ndimaimba", motsindika. Chifalansa chidadya mathero mpaka *chante*, *chantes* ndi *chantent* akumveka chimodzimodzi, n'chifukwa chake Mfalansa sangasiye *je*, *tu* kapena *ils*. Funso lakuti mlowam'malo akhale wokakamiza kapena ayi simuliyankha ndi mtima wanu. Mumaliwerenga pa zimene malamulo atulutsa.

Lamulo 8 likubweretsa kukhota koyamba. Kutsindika kumasuntha m'kati mwa mneni: pa *porto* kuli pa tsinde, pa *portamus* kuli pa mathero. Choncho "kunyamula" ndi *purtare*, ndipo amayenda motere: *porto, portas, porta, purtamus, purtadis, portan*. Chisipanishi chili ndi zoterezi pa *puedo* ndi *podemos*, Chifalansa pa *je viens* ndi *nous venons*. Aneni okhota sapangidwa mwadala, amabadwa chonchi.

Tsopano nthawi yakale yopitirira, "ndinkaimba". Chilatini chinali ndi *cantabam, cantabas, cantabat*. Lamulo 6 lagwetsa *b*, ma *a* awiri aphatikizana, ndipo tatsala ndi *kanta, kantas, kanta*, ofanana ndi a nthawi yatsopano. Poyamba zikuoneka ngati zawonongeka, koma onani kutsindika. Wa nthawi yatsopano ndi *kánta*, wa nthawi yakale ndi *kantá*. Kusiyana kwapulumuka, kwangosamukira pa kutsindika. Chiromania chidadutsa njira yomweyi, *b* wapakati adagwa, ndipo "ankaimba" amatsindikidwa kumapeto. Wolankhula Chichewa azimva izi msanga, chifukwa *ndimapita* wa masiku onse ndi *ndimapita* wa zimene zinkachitika muja timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu basi.

Pali malo awiri amene kutsindika sikukupulumutsa. Loyamba, "ndinkaimba" ndi "ankaimba" onse ndi *kantá*. Chipwitikizi chidangozisiya choncho, *eu cantava*, *ele cantava*. Chitaliyana chidabwereka *o* wa nthawi yatsopano n'kupanga *cantavo*. Chikapsa chichita ngati Chitaliyana: *kantao*. Lachiwiri, *cantabamus* watuluka *kantamus*, wofanana ndendende ndi "timaimba". Chimodzimodzinso *cantabatis*, watuluka *kantadis*, wofanana ndi "mumaimba". Apa yang'anani m'magulu ena a aneni. "Tinkagona" ndi *durmiamus*, ndipo sakugundana ndi chilichonse. Ana ophunzira chinenero amatengera chomveka bwino, ndiye *kantiamus* abadwa motengera *durmiamus*. Pothetsa vuto lotere muzibwereka kwa achibale a m'chinenero chomwecho. Musapeke mathero atsopano ochokera kumwamba.

Nthawi yam'tsogolo ya Chilatini idafa m'banja lonseli, ndipo malamulo athu akuonetsa chimodzi mwa zifukwa zake. *Cantabit* (adzaimba), *cantavit* (adaimba) ndi *cantavi* (ndidaimba), onse atatu akutuluka *kantai*. Chinenero chingapirire zambiri, koma kusokoneza dzulo ndi mawa sichingapirire. "Adaimba" apulumuka kudzera m'kafupikitsidwe ka anthu wamba, *cantaut*, kamene kadapereka *cantou* wa Chipwitikizi ndi *cantò* wa Chitaliyana, ndipo kwa ife kapereka *kantau*. Choncho nthawi yakale yotheratu ndi *kantai, kantasti, kantau*. Nthawi yam'tsogolo yokha iyenera kumangidwa mwatsopano.

Zinenero zambiri zidagwiritsa ntchito *habere* (kukhala ndi) pambuyo pa mneni: *cantare habeo*, "ndili ndi kuimba koti ndichite". Mawu awiriwo adamatana n'kukhala *cantarei*, *cantaré*, *chanterai*, *canterò*. M'malumbiro amene adzukulu a mfumu Charlemagne adalumbira ku Strasbourg mu 842 muli kale *salvarai* ndi *prindrai*. Chipwitikizi cholembedwa chimakumbukirabe msoko wake, chifukwa chimalola kulowetsa mlowam'malo pakati: *cantá-lo-ei*. Ena adasankha njira zina. Chiromania chidatenga "kufuna", *voi cânta*. Ku Sardinia *habere* adakhala patsogolo, *apo a cantare*. M'chigwa china cha ku Switzerland amagwiritsa ntchito "kubwera", monga mmene *-dza-* wathu wa mu *ndidzaimba* adachokera ku *kudza*.

Chikapsa chiika *habere* patsogolo osamumata. Mneniyu amanenedwa kwambiri moti adafupika kuposa anzake: *ayo, as, a, aemus, aedis, an*. "Ndidzaimba" ndi *ayo kantare*. Mneni yemweyu akatsatiridwa ndi *kantadu*, wochokera ku *cantatum* (choimbidwa), amapereka "ndaimba": *ayo kantadu*. Nthawi ziwiri zikusiyana pa mathero okha, ndipo matherowo akumveka bwino.

"Kukhala" ndi wokhota m'chinenero chilichonse cha banjali, ndiye musamuwongole. *Sum, es, est* akutuluka *su, es, es*, ndipo awiri omalizawo agundana. Chisipanishi chidathetsa zimenezi potola *eres*, Chitaliyana *sei*. Chikapsa chiteteza *t* powonjezera vawelo, monga *este* wa Chiromania: *su, es, este, sumus, estis, sun*. Kanenedwe kofunira kapena kolamula mofatsa sikavuta, *cantem* ndi *cantet* akupereka *kante*, ndipo mungakasiye choncho.

## 7. Kukana ndi alowam'malo a pamtherankhani

*Non* watsala *no*. Kaliwu kafupi chonchi kamafooka, ndipo anthu amayamba kukalimbitsa ndi dzina la kanthu kakang'ono. *Pas* wa Chifalansa poyamba anali phazi limodzi: sindiyenda ngakhale phazi. Lero pokamba ambiri amasiya *ne* n'kutsala ndi *pas* yekha. Katswiri wa zinenero Otto Jespersen adafotokoza kuzungulira kumeneku mu 1917. Chikapsa chitenga *mica* (nyenyeswa), amene lamulo 7 limusandutsa *miga*: *no kanto* ndi "sindiimba", *no kanto miga* ndi "sindiimba n'komwe". Sankhani pamene chinenero chanu chafika pa ulendowu.

Alowam'malo a pamtherankhani ndi *me, te, lu, la, nos, bos, los, las*, ndipo amakhala patsogolo pa mneni: *lu biyo*, ndikumuona.

## 8. Mawu obwereka ndi nthawi imene adalowa

Liwu lobwereka limangokhudzidwa ndi malamulo amene adabwera litalowa kale. Chiarabu chidafika ku Capsa malamulo 6 ndi 7 atatha ntchito. Choncho *sucu* wa Chilatini (madzi a chipatso) ndi *sugu*, koma msika, wochokera ku *suq* wa Chiarabu, ndi *suku*, *k* wake ali chilili. Buku ndi *kitabu*, *b* wake sadagwe. Wowerenga wodziwa akaona mawu awiri otere pamodzi amadziwa zaka za liwu lililonse.

Musaiwale kubwereka kwa kholo lenilenilo. Ansembe ndi ophunzira ankawerengabe Chilatini ndipo ankatolamo mawu kachiwiri. N'chifukwa chake Chipwitikizi chili ndi *cheio* ndi *pleno* kuchokera ku liwu limodzi, komanso *olho* (diso) pambali pa *óculos* (magalasi). M'Chikapsa munthu angadandaule za *bida* pamsika, koma m'pemphero anene *bita eterna*.

## 9. Wongolani pang'ono, kenako yesani

Malamulo a katchulidwe amakhotetsa, ana amawongola. Chifalansa chakale chinkanena *aim* ndi *amons*, lero ndi *aime* ndi *aimons*. Mneni womveka tsiku lililonse amasunga kukhota kwake chifukwa aliyense amakumva kawirikawiri, pamene wosowa amatengera anzake. Dutsani m'ndandanda wanu, aneni 20 kapena 30 otchuka muwasiye okhota, ena onse muwawongole.

Mukatero lembani nkhani yaifupi. Mndandanda wa mawu umabisa zambiri, koma chiganizo chimaulula pamene galamala ikuperewera.

*Eri amigulu purtau binu a kasala.* Dzulo bwenzi lija lidabweretsa vinyo kunyumba.
*Kanelu beglu durmia in biala.* Galu wokalambayo ankagona mumsewu.
*Oye no lu biyo miga.* Lero sindikumuona n'komwe.
*Kras aemus bendre kabrallas in suku de Kapsa.* Mawa tidzagulitsa mbuzizo pamsika wa ku Capsa.

Liwu lililonse la m'nkhani yanu mulilondole kubwerera ku Chilatini, lamulo ndi lamulo. *Beglu* achokera ku *vetulum* kudzera pa 1, 3, 5 ndi 7. *Bendre* achokera ku *vendere* kudzera pa 3 ndi 5. Mukapeza liwu limene silikulondoleka, pali njira ziwiri zokha: kulikonza, kapena kulemba lamulo latsopano n'kuyendetsanso mndandanda wonse pa lamulolo.

Mudzapezanso kuti pali zimene malamulo anu sadazikhudze. A Chikapsa sakunena kanthu za *qu* ndi *gu* a mu *aqua* (madzi), *lingua* (lilime) ndi *quattuor* (4). Chipwitikizi chidawasunga: *água*, *língua*, *quatro*. Ku Sardinia ndi ku Romania adasamukira pamilomo: *abba*, *limba*, *battoro* uku, *apă*, *limbă*, *patru* uko. Mukasankha kuti *qu* asanduke *p*, musankhenso malo a lamuloli pamndandanda. Likakhala patsogolo pa 7, madzi akhala *aba*. Likabwera 7 atadutsa kale, akhala *apa*.